Kebulo Yoduka ya Galimoto ya Achimwene

Galimoto ya achimwene anga ndi yakalekale, ya magiya apamanja. Mwezi umenewo kilatchi inali itayamba kuuma. Ukaponda inkalira ngati chitseko cha dzimbiri, ndipo giya yoyamba inkalowa mokukuta. Makaniko wa kumsika anaiona n'kunena kuti timawaya ta kebulo tayamba kuduka. Anamangako nati ndi sipanala, kupaka girizi, n'kuti, "Yatsopano ndikufunirani. Pakadali pano muziiponda monyengerera."

Zotsatirazi ndinazimva kwa alamu anga, akazi a achimwenewo.

Tsikulo achimwene anali asanaweruke. Dzuwa litangolowa, bambo athu anayamba kubanika. Bambowo anafa ziwalo mbali imodzi, ndipo chidwalireni salankhula. Alamu sanadikire munthu. Aneba anathandiza kuwanyamula n'kuwakhazika mpando wakutsogolo. Mwendo wakufawo anachita kuulowetsa ndi manja.

Msewu wa kuchipatala umadutsa m'nkhalango ya mitengo yodzala, momwe mulibe nyumba. Pakati pake pali kachitunda. Alamu anaponda kilatchi kuti atsitse giya. Panamveka kuti thapu! Chopondera chinagwa mpaka pansi, osabwereranso. Giya inakana. Galimoto inanjenjemera n'kuzima.

Anayesa kuchikweza ndi phazi. Chinangogwanso. Foni inalibe netiweki. Pambali pawo apongozi ankapuma ngati akukokera mpweya m'kabango.

Alamu anatuluka n'kutsegula boneti. Tochi ya foni inaonetsa kebulo ili lende, timawaya titayalukana ngati tsache.

"Yaduka."

Mawuwo anachokera kumbuyo kwawo. Mapazi sanawamve. Anali munthu wamfupi, wovala ovololo, wopanda nsapato. Nkhope sanaione bwino. Akuti tochi ikamuloza, iye ankapezeka akuyang'ana pansi.

"Ndili ndi wodwala, bambo. Mungandithandize?"

"Tsekani boneti, mulowe. Ndikanena muponde."

M'manja analibe sipanala, analibe chilichonse. Anagona chagada pamsewu n'kudzikokera pansi pa galimoto. Mapazi analowa pomaliza.

Alamu anakhala pampando. Kenako chopondera chija chinadzuka chokha, pang'onopang'ono, mpaka chinakhudza nsapato yawo.

"Pondani."

Anaponda. Chinali chofewa kuposa mmene chinakhalira chigulireni galimotoyo. Giya inalowa osakukuta. Analiza injini.

"Zikomo kwambiri, bambo! Tulukani ndinyamuke."

"Pitani."

"Ndikupondanitu. Tulukani kaye."

"Pitani, mayi. Odwalawo akubanika."

Anatsegula chitseko, kuwerama, n'kuunika pansi pa galimoto. Panali phula lokha ndi kadontho ka oyilo. Anaunika kumitengo. Palibe. Atacheukira apongozi, anaona milomo itayamba kutuwa. Ananyamuka.

Giya yachiwiri inalowa bwinobwino. Koma poponda kilatchi anamva kanthu. Pansi pa mapazi awo wina anabuula pang'ono, ngati munthu amene akutukula thumba lolemera. Anadziuza kuti ndi injini. Giya yachitatu. Kubuula kuja. Atasiya chopondera, mpweya unatuluka kuti fuu.

Anafuna kuleka kusintha magiya. Koma msewuwo ndi wokhotakhota, wa zitunda, ndipo galimoto yakale siilola zimenezo. Akaponda, kubuula. Akasiya, mpweya. Anapondabe.

Atafika pa magetsi oyamba a m'tauni anayang'ananso apongozi. Bambo anali atakweza miyendo pampando, mawondo pachifuwa. Yonse iwiri, ndi wakufa womwe. Maso ali tong'o pansi, pomwe poyamba panali mapazi awo.

"Bambo, mwaona chiyani?"

Bambo sanacheuke.

Kuchipatala anamwino anawalandira msanga n'kuwaika pa makina a mpweya. Anatsitsimuka, ndipo ali moyo mpaka lero. Achimwene anafika pa minibasi. Alamu anatsala kudikirira matenda, ndipo m'chipwirikiti chija sananene za munthu uja, anangopereka makiyi. Achimwene anayendetsa galimoto kubwerera kunyumba, wailesi ikulira mokweza. Akuti anadabwa kufewa kwa kilatchi, mpaka anamuyamikira makaniko chamumtima. Anaimika pabwalo n'kutseka geti.

M'mawa chopondera chinali pansi.

Makaniko anabwera ndi kebulo yatsopano. Apa ine ndinalipo. Anatsegula boneti n'kusolola yakale ija. Inatuluka zidutswa ziwiri. Panalibe polumikiza, panalibe mfundo, panalibe kawaya komangira.

"Galimotoyi mwaikoka ndi chiyani kuti ifike kuno?"

"Ndinayendetsa," anatero achimwene.

"Akulu, musandiseketse m'mawa muno."

Anaseka ndithu. Kenako anaunika kachitsulo ka pa giyabokosi kamene kebulo imakoka, ndipo kuseka kunatha. Pa girizi wakuda uja panali podinda zala. Zala mbali ino, chala chachikulu mbali inayo. Zinadinda kambirimbiri, pamwamba pa zinzake.

"Kameneka ine ndimakakankha ndi chitsulo chachitali," anatero motsitsa mawu. "Dzanja silingathe."

Kebulo anaiika ali chiimire, akupisa mkono kuchokera pamwamba mpaka unasupuka. Achimwene anamuuza kuti ali ndi jeke yokwezera galimoto, akhoza kulowa pansi. Iye anangopukusa mutu. Atamaliza anasonkhanitsa zida zake, tiyi amene anamukonzera osamwa.

Alamu atabwerako anafotokoza zonse, ndipo nkhani inayenda khomo ndi khomo. Ena akuti kale m'nkhalangomo galimoto inagwera makaniko wina jeke itaterereka, ndipo anakhala pansi pake mpaka kunacha. Ena akuti ndi mantha chabe a munthu wonyamula matenda. Alamu satsutsana ndi aliyense. Amangoti kaya anali ndani, apongozi awo akupuma.

Mayi a nyumba yoyandikana safunsa n'komwe kuti anali ndani. Usiku umene galimoto inabwerera kuchokera kuchipatala anali pakhonde, ndipo anaona achimwene akulowa pageti chobwerera m'mbuyo, pang'onopang'ono, injini osazima. Iwo amati wokwera aliyense amakhala ndi potsikira pake. Munthu wa pansi pa galimoto uja kuchipatala sanatsike. Pobwerera m'nkhalango muja sanatsike, poti magiya ankalowabe mpaka pabwalo.

Chiyambire pamenepo, dzuwa likamapendeka, amatuluka kudzaitana ana awo achoke pabwalo la achimwene.