Nkhongo za Pakamlatho

Anthu osayenda amati phiri ndi phiri basi. Bodza limenelo. Mapiri amene a Malezala anakwera ndi akazi awo chaka chija, basi imapumira katatu panjira, ndipo mbalame zimafika pamwamba zili wefuwefu, zina n'kumapempha lifiti. Pamwamba penipenipo pali kanyanja kozizira ndi katauni ka alendo: msewu umodzi, timashopu tisanu, ndi nyumba zogona alendo zoyang'ana kumadzi.

A Malezala anali ometa tsitsi. Osati ometa wamba ayi. Mitu imene anameta pa zaka makumi anayi, mutaindandalika, ingafike kumwezi n'kubwerako. Koma nkhope za anthu sankazisunga. Munthu ankamudziwira kunkhongo. Ukawapatsa moni pamsewu ankangoti kakasi, koma ukangotembenuka kuti uzipita, pomwepo: "Aa, ndinu kodi!"

Ulendowu anawakonzera ndi mwana wawo wamkazi, yemwe ndi nesi, kuti makolo akapumeko. Anafika madzulo. Anawapatsa chipinda chakumapeto, choyang'ana kumadzi, cha mabedi awiri.

"Mabedi awiri?" anadabwa a Malezala. "Watisudzula ndani?"

"Zakhala bwino," anayankha akazi awo, amake Nesi. "Lero ndigoneko osagundidwa zigongono. Ndipo fodya wanuyo muno ayi."

Anadya, anathimitsa magetsi, anagona. Kuzizira kwake, ukatsokomola chifuwa chimagwa pansi n'kusweka ngati tambula.

Pakati pa usiku chibaba cha fodya chinawadzutsa bambowo. Anavala jekete, natuluka monyang'ama. Bedi la akazi awo sanaliyang'anitsitse. Anangoona mulu wa mabulangete mumdima.

Kunja kunali zii. Ngakhale chule. Nkhungu inali itagona pamadzi. Babu limodzi lokha linkayaka pamtengo, pafupi ndi kamlatho ka matabwa kolowa m'nyanja, komwe amamangirira maboti.

Pakamlathopo panakhala anthu.

Anakhala pamzere, phewa ndi phewa, miyendo ili m'madzi, onse atafulatira kumtunda. Asodzi, anaganiza a Malezala. Koma mbedza panalibe. Wolankhula panalibe. Wotsokomola panalibe.

Anasendera pafupi, ndudu ili pakamwa. Diso la ntchito linayamba lokha.

Mutu woyamba unali wa dazi, tsitsi litatsala ngati kampanda kuzungulira makutu. Anaudziwa. Ahedi a pasukulu ya kwawo. Wachiwiri unali ndi makwinya atatu onenepa pakhosi. Wogulitsa nyama uja. Wachitatu unali ndi chipsera cha botolo kuseri kwa khutu. Dalaivala wa lole, amene ankakonda kugona akumetedwa.

Anatsala pang'ono kukuwa kuti, "Makasitomala anga, mwabwera liti kuno?" Kenako anakumbukira.

Ahedi anamwalira zaka zisanu ndi ziwiri zapitazo. Wogulitsa nyama anamuika m'manda iwo omwe atanyamula nawo bokosi. Dalaivala anapita ndi lole yake yomwe.

Ndudu inagwa. Anafuna kuthawa, koma maso anapitirira kutsata mzerewo, mutu ndi mutu, mutu ndi mutu, onse odziwika, onse opita kale. Mpaka kumapeto.

Kumapetoko kunali mutu waung'ono wa munthu wamkazi. Tsitsi lalifupi, la imvi mbali imodzi. Kanjerewere pansi pa khutu lamanzere. Mzere wa tsitsi pakhosi wowongoka ngati wojambula ndi rula. Mzere umenewo anaudula okha Loweruka lapitalo pakhonde, chifukwa mutu wa amake Nesi sunagwidwepo ndi dzanja la munthu wina chikwatiranireni.

"Mayo ine! Amake Nesi!"

Sanatembenuke.

Apa mantha anatha. Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri anathamanga pamatabwa paja mpaka misomali kuzuka. Anadutsa kumbuyo kwa ahedi, kumbuyo kwa dalaivala. Fungo linali la matope a pansi pa madzi. Anagwira mkono wa mayiwo. Unali wozizira ngati mpope wa m'mawa.

"Dzukani! Pano si panu! Tiyeni!"

Anadzuka osakana. Pamalo pomwe anakhala panatsala mpata. Mzere wonse unapuma kamodzi, fuuu, koma palibe anacheuka.

A Malezala anawatsogoza akazi awo, akuwakankha pamsana, maso ali pankhongo paja kuti asawataye m'nkhungu. Madzi ankachucha m'miyendo, thapwa, thapwa, mpaka pakhomo. Kumaso sanawayang'ane. Akanayang'aniranji? Munthu anali atamudziwa kale.

Analowa. Anatseka chitseko. Anayatsa magetsi.

Pabedi paja munthu ankaliza mkonono.

Anagona choyang'ana kukhoma, bulangete litatsika pang'ono. Tsitsi lalifupi. Imvi mbali imodzi. Kanjerewere pansi pa khutu lamanzere. Mzere wowongoka ngati wa rula.

A Malezala anayang'ana wogonayo. Anayang'ana woimirira patsogolo pawo, amene anali atawafulatirabe. Anayang'ananso wogonayo. Munthu amene ankasiyanitsa mapasa ali mtunda wa mabwalo atatu a mpira, usiku umenewo analephera. Nkhongo ziwiri, ntchito ya dzanja limodzi.

"Amake Nesi," ananong'ona.

"Mmm?" anayankha onse awiri.

Magetsi anathima.

Mdima wa bii. Bedi linalira, kwee. Bulangete linakhwekhwereza pansi. Mapazi opanda nsapato anayenda pasimenti, kaya akuchoka kubedi, kaya akupita kubedi. Bedi linaliranso. Kenako chitseko chinatseguka, mphepo inalowa, wina anatuluka.

"Imani! Watulukayo ndani?"

Anadumpha kuti agwire, anakumbatira mpando, anagwa nawo chagada. Podzuka anathamangira pakhomo. Kunja nkhungu yokhayokha, babu lija litathima nalonso. Anakuwa mpaka mapiri onse kuyankha. Palibe anabwerera.

Anapapasa machesi m'jekete. Atatu anathyoka. Wachinayi anayaka.

Pabedi panali munthu mmodzi, ataphimba maso ndi dzanja.

"Abambo ake Nesi, mwapenga? Mukufuna kundiotcha nsidze?"

"Munatuluka?"

"Nditulukire chiyani kuzizira konseku? Wotuluka ndinu. Mukununkha fodya."

Anawagwira mapazi. Ozizira. Koma m'chipinda muja chilichonse chinali chozizira, ndi mapazi awo omwe. Anakhala pampando, maso ali tong'o, mpaka kunja kunayera.

M'mawa anakapeza mlonda wa pamalopo, nkhalamba ya chikhoti chofika m'mapazi, ikuwotha dzuwa kuseri kwa khitchini. Anaifotokozera zonse. Mlondayo anavula chipewa.

"Munamudzutsa? Ndi manja anu?"

"Nanga ndikanasiya mkazi wanga?"

"Bambo, a pakamlatho paja sitiwakhudza. Ife kuno timangotseka makatani. Amati ukadzutsa mmodzi, malo akewo sachezera opanda munthu."

"Ndiye usiku wathawu?"

"Ndinasuzumira magetsi atabwera. Mzere unali wodzaza."

"Amene anakhala kumapetoyo anali uti? Wanga kapena winayo?"

Mlonda anavalanso chipewa chake.

"Paja satembenuka, bambo."

A Malezala ndi akazi awo anakwera basi ya m'mawa womwewo, masiku anayi a ulendo wawo atatsala. Amake Nesi anadandaula njira yonse kuti mwana wawononga ndalama zake pachabe. Kunyumba anafikira kusesa, kukalipira nkhuku, kufunsa amene anathyola chogwirira cha ketulo. Zonse monga kale. Kuseka komweko, kuyetsemula komweko. A Malezala mtima unayamba kukhala pansi.

Mwezi utatha anatulutsa mpando pakhonde monga mwa nthawi zonse, anawakulunga nsalu m'khosi, anatenga chipeso ndi sizasi. Anaima kumbuyo kwawo.

Mzere wa tsitsi uja unali pomwepo. Wowongoka, wakuthwa, ngati wodulidwa dzulo. Ngakhale katsitsi kamodzi kotuluka.

Miyezi iwiri, chimodzimodzi. Chaka, chimodzimodzi. Pano zaka zakwana zitatu.

Aneba amanong'onezana kuseri kwa mpanda. Ena amati ndi ukalamba. Ena amati kuzizira kwa kumapiri kunapha mizu ya tsitsi. Mayi wa nyumba yoyandikana ndi yawo amangoti iye mchere kumeneko anasiya kukapempha.

Koma mwezi ukatha a Malezala amatulutsabe mpando uja. Amakulunga nsalu. Amaima kumbuyo n'kuyamba kuliza sizasi m'malere pamwamba pa mutu, tsepu, tsepu, tsepu, osakhudza kanthu. Pansi sipagwa tsitsi. Akamaliza amakutumula nsalu yoyera bwino.

Ndipo amake Nesi amadzisisita kunkhongo, osatembenuka, n'kunena kuti, "Eya. Linakula kwambiri."