Usadumphe, Birkir!

Ylfa anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kusamba m'dziwe lotentha la kumapiri.

Chaka chilichonse bambo ankapita kumapiri kukasonkhanitsa nkhosa. Chaka chilichonse ankatenga Birkir, mchimwene wake wa Ylfa. Chaka chilichonse Ylfa ankatsala.

"Wachepa," anatero Birkir.

"Iwe unapita uli ndi zaka zisanu ndi chimodzi!" anakalipa Ylfa. "Nanga ine ndalakwanji?"

Bambo anakanda ndevu. "Mwanayu akunena zoona. Ylfa, kwera kavalo."

Anayenda m'mawa wonse. Nyumba zinatha. Msewu unatha. Udzu unatha. Kunatsala miyala yakuda ndi mphepo.

Kenako nthaka inayamba kupuma. Nthunzi inkatuluka m'ming'alu. Fuuu! Matope ankawira m'maenje. Bwata! Bwata! Kunkanunkha ngati mazira ovunda.

Ylfa anagwira chingwe cha kavalo zolimba.

"Ababa, dziwelo silitiwotcha?"

"Ayi, mwanawe," anatero bambo. "Madzi otentha amatuluka pansi. Kamtsinje kozizira kamatsika m'phiri. Madziwo amakumana m'dziwe. Akakumana, amafunda bwino."

"Ndipo suyima m'mphepete," anatero Birkir. "Mphepo ya kuno imaluma. Umavula ukuthamanga. Ukafika, umangodumpha. Ababa amatero. Tonse timatero."

"Osayesa kaye madziwo?"

"Oyesa ndi amantha ngati iwe."

Patali nkhosa inalira. Meee! Meee! Inali itatitimira m'matope.

Bambo anamanga akavalo pamwala waukulu. "Mundidikire pano. Musasunthe."

Bambo anapita. Nkhungu inabwera. Inameza phiri. Inameza nkhosa. Inameza bambo.

Birkir anapondaponda pansi. "Ine ndikuzizidwa. Dziwe lili apo pomwe. Ukawoloka kamtsinje, wafika."

"Ababa ati tidikire!"

"Dikira wekha, kamwana."

Birkir anathamanga. Nkhungu inamumezanso.

Ylfa anatsala yekha. Kumanja, fuuu! Kumanzere, bwata! Kavalo wina anamina.

"Birkir!" anaitana. "Birkir, bwerera!"

Kunali zii.

Ylfa ankaopa kutsala. Ylfa ankaopa kupita. Koma anapita. Anatsata miyulu ya miyala yolozera njira. Mulu woyamba. Mulu wachiwiri. Mulu wachitatu.

Anafika pakamtsinje. Anawerama kuti avule nsapato. Anaima.

Madzi munalibe.

Miyala ya m'kamtsinje inali youma. Mchenga unali wouma. Ylfa anayang'ana kumtunda. Miyala inali itagumuka m'phiri. Inali itatseka njira ya madzi. Madzi ozizira ankathawira kwina.

Mtima wa Ylfa unagunda. Gu! Gu! Gu!

"Madzi ozizira sakufika m'dziwe," ananong'ona. "Mwatsala otentha okhaokha."

Ndipo Birkir sayesa madzi. Birkir amangodumpha.

Ylfa anathamanga.

Panjira anapeza juzi ya Birkir. Kutsogolo anapeza nsapato. Kutsogolonso anapeza nsapato ina. Birkir ankavula akuthamanga!

"Usadumphe!" anakuwa Ylfa.

Mphepo inatenga mawu ake.

Pafupi ndi phazi lake matope anaphulika. Bwata! Ylfa anafuna kulira. Sanaime.

"Birkir! Usadumphe!"

Nthunzi inapatuka pang'ono. Ylfa anamuona. Birkir anali m'mphepete mwa dziwe. Anali ndi kabudula yekha. Anapinda mawondo. Anatambasula manja.

Ylfa anamulumphira. Anamugwira m'chiuno. Onse awiri anagwa pamiyala. Khu!

"Wapenga?" anakalipa Birkir. "Ndisiye, nkhupakupa iwe!"

Birkir anaphiriphitha. Phazi lake linaterereka. Chala chachikulu chinakhudza madzi.

"Mayo! Mayo ine!"

Birkir anakwawira m'mbuyo. Chalacho chinali chitafiira psuu. Anayang'ana chala. Anayang'ana dziwe. Dziwe linali phee. Tithovu tokha tinkakwera kuchokera pansi.

Mano a Birkir ankagundana.

Bambo anatulukira m'nkhungu. Anali matope okhaokha. Ankapuma mwawefuwefu.

"Ndinati mudikire! Ylfa, iwenso?"

Ylfa anaimirira. Bondo lake linkatuluka magazi. Misozi inkatsika. Koma anakwiya kwambiri.

"Ine ndiye mukundikalipira? Ine? Taonani kamtsinje kanuko! Kauma! Uyu akanapsa thupi lonse!"

Bambo anayang'ana kamtsinje. Anayang'ana dziwe. Anayang'ana chala cha Birkir. Anakhala pansi pamwala.

"Nanenso ndikanadumpha," anatero motsitsa mawu. "Zaka zonsezi ndimangodumpha."

Anakoka ana onse awiri. Anawafungatira.

"Pepa, Ylfa. Ndakukalipira pachabe."

Bambo anaveka Birkir juzi. Anamunyamula. Anapita naye kumene madzi ozizira ankathawira. Birkir anaviika chala chake mmenemo.

"Tiyeni tibwerere kunyumba," anatero Birkir. "Sindikulifunanso dziweli."

"Ine ndikulifuna," anatero Ylfa. "Ndadikira chaka chathunthu."

Ylfa ananyamula mwala umodzi mwa imene inatseka kamtsinje. Anauponya pambali. Ananyamula wina. Bambo anagubuduza yaikulu. Birkir anafukula mchenga ndi manja.

Madzi anayamba kudontha. Kenako anayenda. Kenako anathamanga. Waaa! Kamtsinje kanabwerera m'njira yake. Kanalowa m'dziwe. Nthunzi inakwera m'mwamba.

Anadikira nthawi yaitali. Anadya nsomba zouma zopaka batala. Nkhungu inayamba kuchoka. Nkhosa ija inabwera n'kumawayang'ana.

Bambo anayesa madzi ndi chigongono. "Akadali otentha."

Anadikiranso. Bambo anayesanso. Anayesa pakati. Anayesa m'mbali.

"Tsopano ali bwino."

Ylfa analowa pang'onopang'ono. Mapazi. Mawondo. Mimba. Khosi. Madzi anali ofunda. Mphepo inkangoluma makutu okha.

Bambo analowa. Birkir analowa pomaliza. Phazi lopweteka analisanjika pamwala, kunja kwa madzi.



"Ylfa," anatero Birkir. "Sunkaopa?"

"Ndinkaopa."

"Kwambiri?"

"Kwambiri."

"Nanga unathamanga bwanji?"

Ylfa anamuyang'ana. Anatukula mphuno.

"Mchimwene ndili naye mmodzi. Ndi wopusa, koma ndi mmodzi yekhayo."

Birkir anamuwaza madzi. Ylfa anamubwezera kawiri. Bambo anaseka mpaka nkhosa inathawa.