Womanga Anali Mkati

Mvula inali itasiya kalekale, koma khoma la m'chipinda cha mwana linkapezeka litanyowa m'mawa uliwonse, ndipo chinyezicho chinkajambula chinthu chooneka ngati khomo.

Aphunzitsi anagula nyumba yakaleyi mothamanga poti inali yotchipa. Tsoka silinunkha. Denga linkadontha, mapaipi anali atadyeka ndi dzimbiri, ndipo kangachepe konse kamene anasunga kanathera m'makoma. Kobwerera kunalibe. Akazi awo anangoti, "Ndinanena ine," osabwerezanso. Koma chimene chinkawadya mtima aphunzitsiwo chinali chifuwa cha mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, chomwe chinayamba atangolowa m'nyumbamo.

Usiku, magetsi akazimitsidwa, kuseri kwa khomalo kunkamveka kwee, kwee, pang'onopang'ono, ngati munthu akusalaza simenti.

"Ndi makoswe," ananong'ona aphunzitsi.

"Makoswe ake ati okanda khoma pang'onopang'ono chonchi?" anayankha akazi awo.

Anaitana mmisiri. Atagumula pulasitala anapezadi khomo lotsekedwa ndi njerwa. Anasisita mizere ya matope ndi chala, nkhope n'kugwa.

"Bambo, womanga amasalaza mbali imene waima. Kuno matope angotuluka, osasalazidwa. Amene anatseka khomoli anali mkatimo."

"Ndiye anatulukira pati?"

"Ndazungulira panja. Kulibe windo, kulibe khomo lina. Musaligwire."

Anatola zida zake n'kumapita, osatsanzika n'komwe.

Aphunzitsi anapsa mtima. Nyumba yogula okha aziiopanso? Madzulo anatenga hamala n'kuchotsa njerwa zam'munsi, bowo lokwana galu, ati mphepo ilowe, khoma liume, mwana achire. Munatuluka mpweya wozizira wonunkha nkhungu. Anaunikamo ndi foni koma kuwalako sikunafike pena paliponse. Akazi awo anangonyamula mwana kukamugoneka pakati pawo.

Usiku umenewo anagona tulo tofa nato, popanda chifuwa chowadzutsa. Kutacha, pakati pawo panali bulangete lokha.

Aphunzitsi anathamangira kuchipinda kuja. Bowo lija linali litatsekedwa, njerwa iliyonse pamalo pake, matope aawisi atatulukira kuno, osasalazidwa. Anagunditsa khutu kukhoma, akuitana mwana wawo.

Mkatimo mwana anakhosomola kamodzi. Kenako kunamveka kwee, kwee.