Bulangete la Pulofesa Kowalchuk

Anamupeza Lolemba m'mawa, mu ofesi yake pa yunivesite. Pulofesa Maureen Kowalchuk, katswiri wa mbiri yakale. Bala kunkhongo. Mtembo pa sofa, wofunditsidwa bulangete, ngodya zake zopiseredwa bwino ngati bedi la msilikali.

Wapolisi wofufuza milandu, Gaetan Thibodeau, anayang'ana mashelefu. Makaseti okhaokha. Moyo wake wonse mayiyu ankayenda m'makampu, kujambula mawu a akazi a asilikali. Kaseti imodzi panalibe.

Anayamba ndi Dwayne, wophunzira yemwe kale anali msilikali. Sabata yatha anakangana ndi pulofesayo.

"Bedi lanu mumayala bwanji?"

Dwayne anaseka. "Bwana, chichokereni ku usilikali sindinayalepo. Kafunseni akazi anga."

Thibodeau anamukhulupirira. Nayenso anakulira m'kampu. Nyumba zofanana. Fungo la polishi. Bambo kuyendera mabedi Loweruka m'mawa. Msilikali akapuma amatayirira. Mwana wa msilikali satero.

Anafunsa za phwando la Lachisanu, lotsanzikana ndi pulofesayo. Akuti pulofesayo anaika kaseti yomwe inabala buku lake loyamba kuti alendo amvere. Mlendo mmodzi anatuluka akulira: Lorne Pelletier, woyendetsa basi.

Anamuitanitsa kupolisi.

"Anali mawu a ndani, a Pelletier?"

"A malemu mayi anga."

"Fotokozani."

"M'bukumo pulofesa anasintha dzina lawo. Koma khitchini yachikasu anaisiya. Kampu yonse inali ndi imodzi yokha. Aliyense anadziwa kuti msilikali womenya mkazi wa m'bukumo ndi bambo anga. Pulofesa anakwezedwa pantchito. Bambo anatisiya. Mayi, anzawo analeka kuwapatsa moni."

"Ndiye munabwezera?"

"Ayi, bwana. Pa kasetipo mayi akuseka. Ine ndinali nditaiwala kuti ankaseka. Ndinapita kukaipempha. Akuti ndi katundu wa yunivesite. Tinalimbirana. Ndinamukankha."

"Nanga bulangete?"

"Munkazizira muja."

Anatulutsa kaseti m'thumba la jekete, naiika patebulo.

"Sindinaimverenso. Wailesi ya kaseti ndiipeza kuti masiku ano?"

Thibodeau anatuluka. Anabwerera ndi wailesi yakale, yafumbi.

"Uwu ndi umboni tsopano," anatero. "Ndiyenera kuumvera wonse. Inu khalani pomwepo."

Anadina batani.