Manja a pa Windo la Eneless

"Amake Sophia, nanga mumasoka bwanji mumdima?"

Anafunsa ndi baDyness, anansi a Eneless, pa mpopi wa ku Kalingalinga ndowa zili pamzere. Anafunsa mofatsa, ngati munthu wofuna kuphunzira luso. Eneless anaseka, nati iye sanasoke. Zinali zaka zija za kefiyu, pamene nyali zinkazimitsidwa kukangoda poopa ndege zochokera kumwera, ndipo wopezeka panja usiku ankagona kupolisi.

"Koma ine ninamvela," anatero baDyness. "Ke, ke, ke, kwamene kuli mashini yanu."

Atatula madzi, Eneless anavundukula nsalu ya pa makina osokera. Lamba wopukusa gudumu panalibe.

Makinawo ndiwo anali mlandu. Fanwell, mwamuna wake, anali atasamukira kwa mkazi wina ku Mtendere, ndipo tsiku lomwe anabwera kudzatenga zake ananyamula wailesi, njinga ndi bedi, kenako nkugwiranso makina. Eneless anagwira mbali inayo. Anawagula yekha ndi chilimba, kusonkherana kwa amayi a kumsika, koma amene anawasenza kuchokera ku Kamwala komboni yonse ikuona anali Fanwell. BaChibwe, tcheyamani wa chipani m'deralo, analamula kuti makina akhale pomwe ali, pansi pa windo, mpaka mlandu utakambidwa. Aliyense ankadziwa kuti baChibwe ndi Fanwell amamwera chikho chimodzi. Ndipo ana atatu a Eneless ankadya za makinawo: mayunifolomu a sukulu, zigamba, madiresi a ubatizo.

Anasesa nyumba yonse, lamba osapezeka. Chitseko ankachipiringidza ndi mtengo cham'kati, ndipo windo linali ndi zitsulo zoti ngakhale mphaka ankadzipanikiza podutsa.

Usiku wotsatira anagona khutu lili kunja. Mdima wa masiku amenewo unali wokhuthala, woti munthu ukatambasula dzanja umalikayikira ngati ndi lako. Kutali kunkamveka galimoto ya asilikali, kenako bata. Malata anali kulira pang'onopang'ono pozizira. Ndiye kunabwera kaphokoso kaja, koleza mtima, ngati munthu akumasula chinthu chimene amachidziwa bwino: ke, ke, kupumira, ke. Agalu a m'mbali monse, amene ankauwa ngakhale tsamba likagwa, anali duu. Eneless anangogona pomwepo akumvetsera. Anakumbatira khanda lake Benard mpaka kunja kunayera, ndipo m'mawa anapeza gudumu la kudzanja litachoka, malo ake atapukutidwa bwinobwino.

Zinapitirira motero, usiku wina kuchoka kanthu, usiku wina ayi. Pa mzere wa sopo ku sitolo anthu anayamba kunong'ona. Ena ankati mkazi wa ku Mtendere anapita kwa sing'anga. Ena ankati Eneless akugulitsa zitsulozo kwa matelala a m'tauni. Koma mayi wina wosamudziwa nkomwe anamusungira malo pa mzerewo, ndipo baDyness ankamusiyira kamchere pakhomo osanena kanthu.

Fanwell atamva anabwera ndi baChibwe, thukuta lili kamukamu.

"Ndiwe kawalala iwe! Ufuna ine nikatenge chabe tebulo?"

"Atate a Sophia, ningabe bwanji chinthu changa?"

"Chako? Unachinyamula ndiwe? Ba chairman, muone mweka. Uyu muzimai azagona mu selo!"

Pabwalo panadzaza. Kutali pansi pa mpapaya panakhala apongozi ake a Eneless, bambo Mussa, owotcherera zitsulo, amene nyumba yawo inali kuseri kwa msika. Anakhala cham'mbali, maso ali pa nsapato zawo. Chikwatiwire Eneless, awiriwa anali asanayang'anizanepo kumaso. Akakumana panjira iye ankapatuka nkugwada m'udzu, iwo nkudutsa akuomba m'manja chapansipansi. Akafuna kumuuza kanthu ankauza ana, ndipo m'nyumba mwake phazi lawo silinkaloledwa. Tsikulo sanatsegule pakamwa, ndipo Eneless anati mumtima, magazi ndi magazi.

BaChibwe anagamula kuti amayi awiri a chipani azigona m'nyumbamo. Kukasowanso kanthu, Eneless apita kupolisi, ndipo ana apita kwa bambo awo.

Anabwera baDyness ndi baMarjory, mayi wamkulu thupi amene ankatsogolera nyimbo pa misonkhano. BaMarjory anamanga chitenje pa dzanja la Eneless, mbali inayo nkudzimanga okha.

"Osakalipa, mwana wanga, ni nchito. Ukafuna kuyenda panja uniuse, tizayenda tonse monga ng'ombe za pa ngolo."

"Imwe mukagona mumalila monga chigayo," anatero baDyness. "Kawalala azabwela na kuyenda, imwe muli kugaya."

Anaseka chapansipansi, kenako nyali inazimitsidwa. Masiku oyamba sikunachitike kanthu, ndipo baMarjory anayamba kumuyang'ana Eneless ndi diso lina.

Usiku umene zinachitika kunali kamwezi kochepa. Atatuwo anali pa mphasa, ana ali kuseri kwa nsalu yotchinga. Eneless anamva chitenje chikukokeka: baMarjory anali maso.

"Dyness," ananong'ona. "Ona pa windo."

Pa windo panalibe zitsulo. Panali bowo lotuwa chabe, ngati zitsulozo zasungunuka. Ndipo m'bowomo munalowa manja awiri, aakulu kuposa a munthu, otuwa ngati phulusa, zala zonenepa zopanda zikhadabo. Mutu sunaoneke, ngakhale phewa. Manjawo anapapasa makina mwaulemu, monga momwe amayi amapapasira mwana wodwala, namasula apa, namasula apo, ke, ke. Kenako anakumbatira mutu wonse wa makina, chitsulo chakuda cholemera chija, nkuukweza pang'onopang'ono. Kunamveka mpweya umodzi wautali, wa chinthu chotopa. Mutu wa makinawo unatuluka. Patapita kanthawi zitsulo za windo zinabwerera m'malo mwake mwakachetechete.

Palibe anakuwa. BaMarjory ankangoti, "Yesu, Yesu," atagwira dzanja la Eneless lomwe analimanga okha lija.

Kutacha anakankha zitsulozo, kuzigwedeza, kuzimenya ndi mwala. Zinali nganganga.

BaMarjory anakaima pamaso pa tcheyamani nati, "Uyu mwana nenze namumanga ine. Amene afuna kumutwala ku polisi ayambe kumanga ine." Dzuwa lisanafike pamutu komboni yonse inali itadziwa za manja opanda mwini, ndipo pofika madzulo manjawo anali atapeza mwini: anthu ankati ndi a malemu amayi ake a Fanwell, amene anakwiya kumanda poona zidzukulu zikulandidwa chakudya. Fanwell anabwera, nayang'ana miyendo ya makina yomwe inatsala, koma sanaikhudze. BaChibwe anati chipani sichiweruza mizimu, mlandu watha.

Dzina la Eneless linayera, koma manja ake anatsala opanda ntchito. Nyumba inali ya Fanwell, choncho anatenga ana ndi mapoto nkupita kwa mkulu wake ku Chawama. Kumeneko ankachapa zovala za anthu. Usiku akamva chitsulo chikulira penapake ankadzidzimuka, nkuyang'ana pa windo.

M'mawa wina wa chisanu, akusesa pabwalo, anamva wilibala ikulira m'njira. Ankaikankha anali bambo Mussa, fumbi lili mpaka m'mawondo, kuchokera ku Kalingalinga konse kuja wapansi. Eneless anataya tsache nagwada pambali pa khoma, nkhope atatembenuzira kumbali. Iwo anaimika wilibala patali, nachotsa masaka. Munali makina, athunthu, opakidwa mafuta, ataimikidwa pa miyendo yatsopano yowotcherera. M'thumba la ovolosi yawo munkalendewera magolovesi achikopa a ntchito yawo, aatali ofika m'zigongono, otuwa ngati phulusa.

Ana aakulu anali kusukulu. Pabwalo panali Benard yekha, atakhala pa mphasa akudya dothi, mwana woti ngakhale "mama" anali asanayambe kutchula. Nkhalambayo inakhala pa mwala, niyang'ana khandalo.

"Iwe Benard," anatero motopa. "Uwauze amako kuti katundu wao uyu. Atate ako anali atalonjeza kale makinawa kwa telala wa ku Kamwala, ndipo tcheyamani anali atamwa kale zake. Uwauzenso kuti m'nyumba mwao sindinapondemo. Windo lija ndinaika ndine pomanga nyumba, limamasuka chakunja. Ndinalowetsa manja okha."

Benard anawayang'ana, dovu likutsika.

Eneless anatembenuka pang'ono. Nayenso anayang'ana mwanayo.

"Benard, uwauze ambuye ako kuti anatiopsa. Pang'ono nikanagona mu selo."

"Uwauze kuti ndikudziwa. Ndinalakwa poyamba, ndinaganiza kuti palibe adzazindikira msanga. Nditamva za amayi ogona m'nyumba ndinadikira mwezi, kuti aone ndi maso ao kuti si amako." Anakhosomola, napukuta kumaso ndi chipewa. "Ambuye ako aakazi, malemu mkazi wanga, atadwala chifuwa chija, ana anga enieni ankaimira pakhomo atatseka mphuno. Amako ndiwo ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuwachapira nsalu, mpaka tsiku lomaliza. Ine ndinkaona ndili panja. Pakamwa panga mwambo unatseka, sindikanatha kunena zikomo. Uwauze choncho."

Eneless anaweramitsa mutu. Anaomba m'manja katatu, mofewa, misozi ikugwera pa chitenje.

Mkulu wake anatuluka, nathandiza kulowetsa makina. Anawapatsa bambo Mussa madzi ndi mbatata yootcha, nawapempha kuti apumule, koma iwo anati ntchito ikuwadikira. Anagwira wilibala nazungulira kuseri kwa nyumba, ndipo kumeneko kulira kwa gudumu lake kunaleka.

Eneless anamvetsa kuti akudikira kumva makina akulira. Anakhala pa mpando, nalowetsa ulusi m'singano, natenga kansalu kakale, naponda. Makina anayamba kuyenda, mofewa kuposa kale. Anasoka mzere umodzi mpaka kumapeto.

Pamenepo wilibala inayambanso kulira kuseri kwa khoma, nimka nitalikira cha ku msewu.