Zala Zosaoneka pa Desiki ya Rhoda

Zinayamba Lolemba lina mu Disembala 1996, nyengo ija ku Birmingham kumada folo koloko isanakwane. Rhoda ankagwira ntchito yekha m'chipinda chapansi cha laibulale ya koleji ina, kulandira mabuku obwezedwa. Buku lililonse linali ndi lebulo ya mizere yakuda. Iye ankangoiwalitsa ndi sikana, kompyuta n'kulira kamodzi, nambala n'kuoneka.

Tsikulo inalira katatu. Manja onse ali pa buku, Rhoda anaona kamzere kothwanima ka pa kompyuta kakudumpha kokha bokosi ndi bokosi, ngati wina akudina mabatani. Kenako dzina la bukulo linazimiririka. M'chipindamo munali zii, kupatula mapaipi otenthetsa omwe ankagogoda pang'onopang'ono m'khoma, ndi nsapato za anthu odutsa pa kawindo kakumwamba.

Lachitatu zinachitikanso, kawiri. Pofika sabata yachitatu, mabuku asanu ndi anayi a zaudokotala anali atafufutika mu kompyuta, pa shelefu palibenso. Kompyutayo inkasonyeza kuti wafufuta ndi Rhoda, poti ndiye ankalowamo ndi dzina lake. Kate, bwana wake, anamuuza mwaulemu wozizira kuti akapanda kufotokoza pofika Lachisanu, ntchito yatha.

Mayi Dinnah, a ku Kasungu, omwe ankakolopa m'laibulalemo, anaima pakhomo osalowa.

"Mwanawe," ananong'ona, "ine muno sindikolopanso. Kumudzi unachokako bwino?"

"Anti, ndi kompyuta chabe."

"Kompyuta ili ndi zala?"

Ku mapemphero a Amalawi ku Small Heath nkhani inali itafika kale. Ena ankati mtsikanayo akugulitsa mabuku. Ena ankati malemu azakhali ake, omwe sanapite kukawaika, amutsatira mpaka ku Mangalande.

Lachinayi madzulo, mdima utadzaza kawindo kaja, Rhoda anatenga buku lina ndipo chala chake chinamva kuti lebulo yake ndi yokhuthala. Anaikanda ndi chikhadabo. Inamatuka, ndipo pansi pake panali ina, yakale. Anatsegula tsamba lopanda kanthu pa kompyuta n'kuwalitsa yapamwambayo. Nambala inaoneka, kamzere kanadumpha kawiri, chilembo chimodzi chinadzilemba chokha, kamzere n'kutsika. Apo anakumbukira zomwe anaphunzira ku koleji: kompyuta imatenga sikana ngati kiyibodi. Munthu akhoza kubisa mabatani ngati Tabu ndi Enta, ngakhale lamulo lofufuta m'mizere yakudayo, makina n'kumvera ngati adinidwa ndi dzanja.

Makina osindikiza malebulo analipo amodzi okha, mu ofesi ya Bishop, Mmalawi wokonza makompyuta yemwe anamupezera ntchitoyi, amenenso ankatsogolera mapemphero ku Small Heath.

Anamupeza akuvala jekete. Rhoda anali ndi lebulo ija m'chikhatho. Anangotambasula dzanja.

"Aa, achemwali," anatero Bishop motsitsa mawu, akukankha chitseko. "Maso anu ndi akuthwa."

"Achimwene, anthu akuti ndine wakuba. Ena akuti ndili ndi mizimu."

"Zimenezo zidzaiwalika. Mabuku ali bwinobwino, ndidzabweza. Koma mkazi wanga Rabecca chibwerereni ali m'nyumba, miyezi eyiti. Tili ndi ana awiri, inu muli nokha. Ntchito ija ndinangokusungitsani."

"Kundisungitsa? Bwanji osangondiuza?"

"Mukanachoka?"

Rhoda anafumbata lebulo ija.

"Kaneneni ngati mukufuna," anapitiriza Bishop. "Andichotsa, mapepala anga okhalira kuno atha, tikwera ndege tonse anayi. Ndiye inuyo muzidzakhala pati Lamulungu? Mtsikana amene anapereka m'bale wake kwa azungu."

Lachisanu Rhoda anakhala moyang'anana ndi Kate, lebulo ija itamatirira m'chikhatho. Kate anafunsa katatu ngati pali choti anene. Mapaipi ankagogoda. Rhoda anaganiza za tiana ta Bishop tija tomwe tinkamuyankha m'Chingelezi akatipatsa moni, ndipo anapukusa mutu.

Mu Januwale Rabecca anakhala pa desiki ija. Kompyuta inkalira kamodzi basi. Mayi Dinnah anayambanso kukolopa chipinda chapansi, n'kumauza aliyense kuti chinthucho chinachoka ndi mwini wake.

Lamulungu lina, ku Small Heath, Bishop anapempha kuti onse aimirire apempherere mlongo Rhoda. Anasiya Baibulo lake pa mpando, n'kukweza manja.

"Ambuye, chilichonse chimene chikutsatira mwana wanuyu, chichotseni!"

Onse anatsinzina kupatula Rhoda. Anatulutsa lebulo ija m'kachikwama, n'kuimata pa chikuto cha Baibulolo, n'kuikanikiza ndi chala mpaka inagwira. Anthu atati ameni, Bishop anatenga Baibulo lake. Analiyang'ana, kenako analitembenuza msanga n'kulipanikiza pachifuwa.

"Abusa Bishop," anaseka Mayi Dinnah, "mukunjenjemera chiyani? Mzimu wakugwirani?"