Wachinayi pa Masewera a Stélio

Mlendoyo anafika Loweruka masana, mwezi wa Okutobala, ndipo sananene kumene ankachokera. Ndikulemba zimene ndinaona ndi maso anga. Wokayika akafunse Stélio kapena bambo ake, a Eugénio, ku baraka, kasitolo kawo ka ku Chiuta. Onse ali moyo.

Stélio anali atabwera ndi masewera atsopano a pa kanema kuchokera ku Cuamba. Anati ndi demu, kutanthauza cholawitsa chabe: mumasewera mphindi makumi awiri, kenako zimadzitseka zokha. Anthu anayi amathawa mumzinda wodzaza akufa oyenda, akuwombera, mpaka akafike pa boti. Mnzanu akagwa, mumabwerera kukamudzutsa. Ine za mfuti sizindikoka. Ndinapita chifukwa Stélio akamandiphunzitsa mabatani ankagwira zala zanga, ndipo chinsinsi chimenechi ndinali ndisanauzepo munthu.

A Eugénio tinachita kuwakakamiza. Komando, chija chosewerera, ankaigwira ngati chinangwa chotentha, akufa aja n'kumawatcha ndondocha. Anafunsa ngati mwini wake wa ndondochazo akudziwa kuti tikumuthera antchito. Tinaseka mpaka misozi. Komando yachinayi inali pa benchi.

Pamenepo m'pamene mlendo uja analowa. Anali wa zaka ngati khumi ndi zisanu ndi ziwiri, wopanda nsapato, buluku lonyowa mpaka m'mawondo, chonsecho mvula inali isanagwe miyezi isanu. Anapereka moni wachikale, wowomba m'manja. Stélio atamufunsa dzina, anangoti popeza tilipo atatu, iye ndi wachinayi. Anatenga komando ija n'kukhala pafupi ndi a Eugénio, ndipo nthabwala zawo zinathera pomwepo.

Masewerawo anali okongola mochititsa mantha. Nyumba zikuyaka, utsi wofiira kumwamba, akufa akubuula ngati ng'ombe yodwala. Stélio ankalamula, ine ndinkawombera makoma. Mlendoyo sanawombere ngakhale kamodzi. Munthu wake wa pa kanemayo ankangothamanga pambuyo pa wa a Eugénio, phazi ndi phazi.

Kenako ndinamva fungo la matope ndi bango lowola. Nkhuku panja zinasiya kupalasa. Pansi pa benchi madzi ankadontha. Tho. Tho.

Tinafika padoko. Atatu tinakwera boti. Munthu wa mlendoyo anagwa m'mbali mwa madzi, akufa akumuzungulira. Stélio anati timusiye, kwatsala mphindi imodzi, bola tione mapeto ake.

Mlendoyo analankhula motsitsa, osayang'ana aliyense.

"Achimwene, mupitanso?"

A Eugénio anafunsa Stélio batani lotsikira. Stélio anayamba kutsutsa, koma ataona nkhope ya bambo ake anawalozera. Munthu wawo anatsika, akugunda migolo, akuzungulira ngati woledzera. Ife awiri tinatsikanso, kuwatsegulira njira ndi zipolopolo. Ndinkapemphera chamumtima, ngati kuti pa kanemapo panali munthu weniweni.

Anayandikira. Kunatsala mapazi atatu. Awiri.

Kanema anada. Panatuluka mawu a Chipwitikizi otithokoza, otiuza kuti tigule masewera athunthu.

Mlendoyo anaika komando pa benchi, ili chinyowere.

"Ndaona," anatero. "Mwatsika."

Anatuluka. Ndinathamangira kukhomo. Msewu unali mbee, dzuwa likuswa mtengo, kutali munthu mmodzi akukankha njinga ya nsomba. Mapazi onyowa anathera pachiundo, ndipo ankauma ndikuwayang'ana.

Nditabwerera mkati, a Eugénio anali atagwirabe komando yawo. Kenako anatiuza za chaka cha 1986, tsiku limene ankathawa nkhondo kupita ku Malawi. Mng'ono wawo anawomberedwa mwendo n'kugwa m'bango, pafupi ndi bwato. Mwini bwato anakana kudikira. Iwo anakwera. Atabwerako nkhondo itatha sanapeze ngakhale fupa, maliro sanachitike, ndipo ana awo anakula osadziwa kuti anali ndi bambo aang'ono. Stélio anafunsa dzina. Iwo anapukusa mutu n'kutuluka.

Masewera athunthu Stélio anawafunafuna mpaka ku Cuamba, koma anamuuza kuti sanatuluke. Loweruka lililonse a Eugénio ankabwera, tinkasewera atatu, komando yachinayi ili pa benchi. Akafika padoko sankakweranso boti. Ankangoima m'mbali mwa madzi mpaka kanema ade. Palibe anabwera.

Loweruka lachisanu ndi chimodzi, mvula yoyamba ikuwomba malata, kanema atada, a Eugénio anapukuta benchi pambali pawo ndi dzanja. Anayang'ana mwana wawo.

"Ankaopa madzi," anatero. "Dzina lake anali Hélio."